Mkangano wa Apple ndi Samsung udatha, koma wogula foni akulipirabe

Pa 27 June 2018, maloya a kampani ya Apple ndi anzawo a Samsung adadziwitsa woweruza Lucy Koh, wa bwalo la milandu la mumzinda wa San Jose ku California, kuti makampani awiriwa amvana ndipo mlandu wawo uthere pomwepo. Zomwe adagwirizana sadaziulule. Umu ndi momwe idathera nkhondo ya zaka 7 yomwe idafika m'mabwalo a maiko 10, ndipo panthawi ina inali ndi milandu yoposa 50. Funso lomwe lidayambitsa zonsezi linali lapafupi kulimva: kodi Samsung idabera iPhone?

Mkanganowu udagona pa chikalata chotchedwa patenti. Boma limapereka chikalatachi kwa munthu kapena kampani yomwe yatulukira luso latsopano, ndipo kwa zaka zingapo, kawirikawiri 20, wina aliyense saloledwa kupanga kapena kugulitsa chinthu chogwiritsa ntchito lusolo popanda chilolezo cha mwini wake. Pali patenti yoteteza momwe chinthu chimagwirira ntchito, palinso yoteteza maonekedwe okha. Ndipo chikalatachi chili ndi malire: chimagwira ntchito m'dziko lokhalo lomwe chidalembetsedwa.

Pomwe Steve Jobs amaonetsa iPhone yoyamba mu January 2007, adauza anthu kuti kampani yake yalembetsa mapatenti oposa 200 pafoniyo. Mu April 2011 Apple idasumira Samsung, kampani ya ku South Korea, ponena kuti mafoni ndi matabuleti a Galaxy adatengera nkhope yakuda ya iPhone ya ngodya zozungulira, mkombero wake, ndi kandandalikidwe ka tizithunzi tamitundumitundu pagalasi. Idadandaulanso ndi zina zomwe lero aliyense amangoziona ngati zachibadwa, monga kudumpha pang'ono kwa tsamba munthu akalikoka mpaka kumapeto, komanso kukulitsa chithunzi pogogoda kawiri ndi chala. Sabata isadathe bwino, Samsung idabwezera posumira Apple ku Seoul, Tokyo ndi Mannheim.

Kunena chilungamo, umboni womwe udatuluka ku San Jose sudaikomere Samsung. Bwalo lidaona chikalata cha masamba 132 chomwe akatswiri a kampaniyo adalemba mu 2010, choyerekeza Galaxy S ndi iPhone mbali ndi mbali, ndipo pafupifupi patsamba lililonse pali malangizo a momwe angakonzere foni yawo potengera zomwe aona pa ya mnzawo. Lidamvanso mawu a J.K. Shin, mkulu wa nthambi ya mafoni, yemwe adauza antchito ake kuti kampaniyo ili pamavuto a kapangidwe, ndipo kusiyana kwa foni yawo ndi iPhone kuli ngati kumwamba ndi pansi. Munthu woona mafoni a Samsung a chaka cha 2006, odzaza ndi mabatani, kenako n'kuona a 2010, sangavutike kudziwa komwe maso a okonzawo ankayang'ana.

Komatu kutengera ndi kuba si chinthu chimodzi pamaso pa lamulo, ndipo nayo Apple sidatole iPhone kuthengo. Kampani ya LG idali itaonetsa kale foni yagalasi lokhudza ndi chala, ya Prada, kumapeto kwa 2006. Jobs mwini wake adakaona njira yoyendetsera kompyuta ndi tizithunzi ku kampani ya Xerox mu 1979, asadaiike m'makompyuta ake. Maloya a Samsung adafika potchula filimu ya 1968, 2001: A Space Odyssey, momwe anthu akuoneka akudya uku akuonera kanema pachipangizo chophwatalala chofanana ndi tabuleti. Mfundo yawo idali yakuti palibe amene angakhale mwini wa chinthu cha ngodya zinayi zozungulira.

Oweruza nawo sadamve chimodzi. Pa 24 August 2012, anthu wamba 9 omwe adasankhidwa kumva mlanduwu ku San Jose adagamula kuti Samsung ilipire $1.05 biliyoni. Tsiku lomwelo bwalo la ku Seoul lidapeza makampani onse awiri olakwa, n'kuwalipiritsa tindalama tochepa ndi kuletsa kugulitsa zina mwa zipangizo zakale za onsewo. Patatha sabata imodzi bwalo la ku Tokyo lidakomera Samsung. Ku Düsseldorf, m'dziko la Germany, tabuleti ya Galaxy Tab 10.1 idaletsedwa mu 2011, Samsung n'kungosintha mkombero wake pang'ono ndi kuibweza pamsika ndi dzina la 10.1N. Chigamulo chomwe anthu amachikumbukirabe ndi cha woweruza Colin Birss ku London, yemwe mu July 2012 adati matabuleti a Samsung sadabere iPad chifukwa si okongola mofanana nayo. Samsung idapambana mlandu koma mochita kunyozeka, ndipo Apple idalamulidwa kulengeza m'nyuzipepala ndi patsamba lake la intaneti kuti mnzakeyo sadaphwanye lamulo. Chilengezo choyamba chomwe Apple idalemba chidali chokhotakhota moti bwalo la apilo lidaidzudzula ndi kuilamula kuti ichilembenso.

Ndalama za ku San Jose zija sizidakhalitse. Koh adachotsapo pafupifupi $450 miliyoni mu 2013 ndi kulamula kuti gawolo limvedwenso. Chiwerengero chidafika pa $930 miliyoni, kenako bwalo la apilo lidachitsitsa kufika pa $548 miliyoni mu 2015. Samsung idalipira, koma idapitiriza mpaka kubwalo lalikulu kwambiri la dziko la America.

Apa ndi pomwe mlanduwu udafukula nkhani yakale ya makapeti. M'zaka za m'ma 1880, anthu awiri apachibale a ku Philadelphia, John ndi James Dobson, adapezeka olakwa pobera zojambula za pamakapeti a makampani ena. Eni zojambulazo adalephera kutsimikiza kuti ndi gawo lanji la phindu la a Dobson lomwe lidabwera chifukwa cha zojambula osati ulusi, choncho bwalo lidawapatsa masenti 6 okha. Aphungu adaipidwa, ndipo mu 1887 adakhazikitsa lamulo lakuti wobera maonekedwe a chinthu azibweza phindu lonse lomwe wapeza pachinthucho. Pakapeti lamuloli ndi lomveka, pakuti munthu amagula kapeti chifukwa cha kukongola kwake. Nanga pafoni, yomwe mkati mwake muli kamera, batire, wailesi ndi mapulogalamu, zonse za eni osiyanasiyana? Pa 6 December 2016 oweruza onse 8 adagwirizana, m'chigamulo chomwe adalemba Sonia Sotomayor, kuti "chinthu" chomwe lamulo likunena chitha kukhala chiwalo chimodzi cha foni, osati foni yonse. Koma sadanene njira yodziwira chiwalocho. Adabweza mlanduwo kumunsi, ndipo mu May 2018 gulu lina la anthu wamba lidapereka $539 miliyoni, pomwe Apple inkafuna $1 biliyoni ndipo Samsung inkati $28 miliyoni ndi yokwanira. Mwa ndalamazi, $533 miliyoni inali ya maonekedwe, ndipo $5 miliyoni yokha ndiyo inali ya luso la kagwiridwe ntchito.

Ndalamazi zimamveka zambiri, koma Apple idapeza phindu la $59.5 biliyoni m'chaka chake cha zachuma cha 2018. Chipukuta misozi cha $539 miliyoni chija chidali phindu la masiku osakwana anayi. Chomwe Apple inkafunitsitsa ndi chiletso chochotsa mafoni a Samsung m'masitolo a ku America, ndipo Koh adakana kuchipereka mu December 2012. M'chaka chomwecho Samsung idalanda Nokia udindo wogulitsa mafoni ambiri padziko lonse. Pofika 2018, mafoni omwe ankakanganirana aja adali atasowa kale pamsika, Samsung ikugulitsa Galaxy S9. Bwalo limayenda pansi, msika wa mafoni ukuthamanga pagalimoto.

Padalinso china chomwe chidamanga Apple manja. Nthawi yonse ya mlanduwu, Samsung idali ikuipangira zipangizo zofunika kwambiri za mkati mwa iPhone, kuphatikizapo, m'zaka zoyambirira za mlanduwu, tchipi chomwe chimayendetsa foni yonse, ndipo iPhone X ya 2017 idatuluka ndi galasi la OLED lopangidwa ndi Samsung. Maloya akutukwanizana kubwalo, ogula ndi ogulitsa a makampani omwewo akusainirana mapangano a mabiliyoni. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndale nazo zidalowererapo. Mu June 2013 bungwe loona za malonda akunja ku America lidaletsa kulowetsa mitundu ina yakale ya iPhone ndi iPad chifukwa chophwanya patenti ya Samsung. Boma la Barack Obama lidafafaniza chiletsocho mu August, koyamba kuti boma lichite zimenezi chichokere 1987. Patatha miyezi iwiri, chiletso chofanana nacho pa zipangizo za Samsung lidachisiya kuti chigwire ntchito. Boma lidafotokoza kuti mapatentiwo ndi osiyana mtundu, ndipo mfundoyo inali ndi mutu, koma ku Seoul ambiri adaona kukondera.

Choncho nkhondoyi sidathetse kutengerana. Chomwe idasintha ndi mtengo wolowera pamsika. Makampani adaphunzira kuti wopanda mulu wa mapatenti ndi wopanda chishango. Mu 2011 Apple, Microsoft ndi anzawo adagula mapatenti 6 000 a kampani yogwa ya Nortel pamtengo wa $4.5 biliyoni, ndipo Google idayankha pogula Motorola Mobility ndi $12.5 biliyoni, makamaka chifukwa cha mapatenti ake 17 000. Idagulitsa kampaniyo kwa Lenovo mu 2014 pamtengo wosakwana $3 biliyoni, mapatenti ambiri n'kutsala nawo. Zikalata za kubwalo zidaululanso kuti m'chaka chimodzi chokha Samsung idalipira Microsoft pafupifupi $1 biliyoni chifukwa chogwiritsa ntchito Android, pulogalamu yomwe Google imapereka mwaulere. Akuluakulu otere akakumana amaopsezana, kenako amasinthana zilolezo. Wobwera kumene alibe chosinthanitsa, amangopisa m'thumba.

Lero mikangano yambiri yachoka pamaonekedwe, yalowa mkati mwa foni momwe diso siliona. Kuti foni ilumikizane ndi netiweki ya 4G kapena 5G, iyenera kutsata njira zomwe makampani adagwirizana, ndipo njirazo zili ndi eni ake: Qualcomm, Nokia, Ericsson, Huawei, Samsung ndi ena. Ngodya ya foni munthu atha kuisintha monga idachitira Samsung ku Germany, koma netiweki sangaizembe. N'chifukwa chake eni mapatenti amtunduwu amalonjeza kupereka chilolezo kwa aliyense pamtengo woyenera ndi mosakondera. Vuto ndi lakuti "mtengo woyenera" aliyense amautchula wake. Huawei, yomwe kale inkanenedwa kuti imabera, idalengeza mu 2021 kuti izilandira mpaka $2.50 pafoni iliyonse ya 5G. Nokia idatchula mpaka mayuro atatu, Ericsson pakati pa $2.50 ndi $5. Oppo itakana mtengo wa Nokia, idagonja kubwalo ndipo idasiya kugulitsa mafoni ku Germany mu August 2022, mpaka awiriwa adamvana kumayambiriro kwa 2024.

Pafoni ya $1 000, madola ochepa amenewa saoneka. Pafoni ya $100, pomwe phindu la wopanga ndi lochepa kale, akaphatikizana amaluma. Apa ndi pomwe nkhaniyi ikufika pa mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix omwe adzaza m'masitolo a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu. Onsewa ndi a kampani imodzi, Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China, yomwe imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa ina iliyonse. Kwa zaka zambiri idakula mwakachetechete m'maiko momwe eni mapatenti sankavutika n'kulembetsa zikalata zawo. Itakula n'kulowa ku India, Middle East ndi Latin America, mpaka kuyamba kuwerengedwa m'gulu la makampani asanu otsogola padziko lonse mu 2023, alenje adaiona. Mu July 2024 zidamveka kuti Qualcomm yaisumira kubwalo lalikulu la ku Delhi, ngakhale mafoni ake ambiri amagwiritsa ntchito tchipi cha MediaTek ndi Unisoc. Philips nayo idasuma ku India, ndipo mu 2025 Huawei, mnansi wake wa mumzinda womwewo, idakaisumira ku Munich.

Malawi ali m'gulu la maiko osauka omwe bungwe la WTO lidawapatsa mpata mpaka July 2034 asadakakamizidwe kutsata malamulo onse a mapatenti, ndipo ndi membala wa ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe limalembetsa mapatenti m'malo mwa maiko angapo a mu Africa. Koma mpatawu suteteza wogula foni. Foni imapangidwira kunja, zilolezo zimakambidwa za dziko lonse lapansi pakamodzi, ndipo zimalipiridwa m'madola katundu asadakwere sitima. Kwa munthu yemwe kwacha yake idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amadalira foniyo pa Airtel Money kapena Mpamba, dola iliyonse yowonjezera kufakitale imafika itanenepa. Kuti ndi ndalama zingati kwenikweni, makampani amabisa m'mapangano achinsinsi, monga momwe adabisira a Apple ndi Samsung.

Nawonso eni mapatenti ali ndi mfundo yawo. Netiweki ya 5G idadya zaka ndi mabiliyoni a kafukufuku, ndipo kampani yomwe salipira imagulitsa motchipa kuposa inzake yomwe ikulipira. Funso lomwe mabwalo a ku Delhi, Munich ndi London akulimbana nalo tsopano ndi lakuti foni yopita kwa mlimi wa ku Africa ilipire chimodzimodzi ndi yopita ku Europe kapena ayi, ndipo palibe wogula wa kuno amene amaitanidwa kukalankhulapo.

Patenti ya nkhope yakuda ya ngodya zozungulira ija, yomwe Apple idalandira mu 2010, idatha kale mphamvu, ndipo aliyense atha kupanga foni yotero popanda womufunsa. Mapatenti ambiri a 5G akadali ndi zaka zochuluka kutsogolo, ndipo makampani ayamba kale kulembetsa a 6G.