Chibakera cha Captain America

Tikambeko za timabuku ta nthano zojambula, tija ta ngwazi zouluka m'mwamba ndi kunyamula galimoto ndi dzanja limodzi. Ambiri amati n'zachibwana basi. Ine ndikukana.

Taganizani za chikuto cha kabuku koyamba ka Captain America, komwe kanayamba kugulitsidwa ku America mu Disembala 1940. Mnyamata wovala zovala za mbendera ya dziko lake, chishango kudzanja, akusasantha Adolf Hitler ndi chibakera pachibwano, uku asilikali a Nazi akuwombera mnyamatayo. Nthawi imeneyo America inali isanalowe nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Inadzalowa patatha chaka, mu Disembala 1941. Anthu ambiri kumeneko ankati za ku Ulaya n'za eni ake. Koma omwe anakonza kabukuka, Joe Simon ndi Jack Kirby, anali Ayuda okhala ku New York, ndipo ankamva kuwawa kwa anzawo ozunzidwa ku Germany. Otsatira Hitler anawaopseza, mpaka apolisi anachita kulondera ofesi yawo.

Chimodzimodzinso mu 1966, mayiko a mu Africa akulandira ufulu, anthu akuda ku America akumenyera ufulu wawo, Kirby yemweyo ndi Stan Lee anatulutsa Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, lomwe atsamunda sanaligonjetse.

Makolo, mwana akagwira kabuku kotere, musamulande. Khalani naye pansi, muone limodzi chaka chomwe kanalembedwa, mumuuze zomwe dziko linkadutsamo panthawiyo.