Thonje ndi Lathu, Nanga Nsaru Iri Kuti?

Alimi anzathu, thonje likagulitsidwa, ndipo mitengo yace itazulidwa ndi kutenthedwa monga lamulo linenera, imafika miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, pamene dzuwa liri loopsa ndipo nchito ya kumunda iri yocepa kwa iye amene alibe dimba. Nkhani yathu ya lero iri ya miyezi imeneyi. Tiyambe ndi funso limene timafunsa m'misonkhano ya alimi a thonje: kodi m'nyumba mwanu, inu amene mwalima thonje zaka 10 kapena 20, muli kansaru kamodzi kokha, kapena lamba, kapena thumba, zocokera ku thonje la m'munda mwanu? Kufikira lero palibe amene anakweza dzanja. Ena amangoseka, poyesa kuti tiri kuceza.

Koma makolo athu sakadaseka. Pamene Dr. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja ali kulima thonje la mitundu iwiri: thonje kaja, ndilo la dziko lomwe lino, laubweya waufupi ndi wolimba, ndi thonje manga, locokera kunja. M'buku la ulendo wace wa ku Zambezi, limene linasindikizidwa mu 1865, anafotokoza kuti m'midzi yambiri anaona anthu ali kucotsa njere, kupota ndi kuomba. Nsaru zao, zochedwa macila, zinali zocindikala ndi zolimba, ndipo zinkagulitsidwa kufikira ku midzi ya m'mbali mwa Zambezi. Dzina lomwelo ndilo linapita pa macila onyamuliramo anthu. Ngakhale liu lakuti njinga, lisanakhale dzina la cokwera ca magudumu awiri, linali dzina la copotera thonje.

Nanga luso limeneli linapita kuti? Cilala ca 1862 ndi 1863, pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo, zinapasula midzi ya m'cigwa ca Shire. Amisiri ambiri anafa, ena anathawa. Pambuyo pace m'masitolo munadzaza merikani ndi nsaru zina za kunja. Thonje linayambanso kulimidwa kwambiri m'zaka zotsatira 1902, caka cimene bungwe la British Cotton Growing Association linakhazikitsidwa ku Manchester, koma linali thonje lotumiza kunja, losati loomba pamudzi. Mu 1967 kampani ya David Whitehead inatsegula fakitale ya nsaru ku Blantyre, ndipo thonje la ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima linayamba kuombedwa m'dziko momwe muno. Koma luso la manja silinabwerere kumudzi. Mlimi anatsala wodziwa kubzala, kupalira, kupopera ndi kutola, koma wosadziwa cimene cicitika ndi thonje lace likacoka pasikelo.

Ife tiganiza kuti luso limeneli liyenera kubwerera, ndi kuti khomo lapafupi lolowera ndi coombera cacing'ono cimene ticicha cipeso. Makolo ankaomba pansi, pa zikhomo zokhomera m'nthaka, ndipo ulusi ankaukweza ndi timaluko tomangirira pa ndodo. Njira imeneyo iri yabwino, koma ifuna mphunzitsi, ndipo aphunzitsi ace anatha. Cipeso munthu akhoza kucisema yekha ndi kuciphunzira masiku owerengeka. Si cinthu cacilendo kwa anthu a kumidzi a maiko ena: Asami, amene aweta ziweto zao kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland, akhala akuombera malamba ao pa cipeso cotere, cosema ku mtengo kapena ku nyanga.

Maonekedwe ace ndi awa. Ciri ndi timitengo tathyathyathya tambiri toimirira mondondozana ngati mano a cipeso ca tsitsi, koma totsekedwa pamwamba ndi pansi. Kamtengo kali konse kali ndi bowo pakati pace, ndipo pakati pa kamtengo ndi kanzace pali mpata wautali. Ulusi woyala, ndiwo uja utsata utali wa nsaru, ulowetsedwa mosinthana: wina pabowo, wina pampata, wina pabowo, comweco kufikira kumapeto. Mukakweza cipeso, ulusi wa m'mabowo ukwera naco, pamene wa m'mipata utsala pomwe unali. Pakati pao patseguka njira, ndipo m'menemo mupititsa ulusi wopingasa, wokulungidwa pa kamtengo. Mukatsitsa cipeso, wa m'mabowo upita pansi, patseguka njira yaciwiri, ndipo mubweza ulusi wopingasa uja. Cipeso comweco ndico mukokera kwa inu kuti cikankhe ulusi wopingasa ukhale pamalo pace. Kuomba konse ndi kumeneku: kukweza, kupititsa, kukankha, kutsitsa, kubweza, kukankha.

Musadikire kuti wina akugulireni cipeso ca m'sitolo. Tengani nsungwi youma, muiwaze timizere 32 totalika mainchesi 6, toonda kotero kuti 4 mwa ito, pamodzi ndi mipata yace, tikwane pa inchi imodzi. Boolani pakati pa kali konse ndi waya wamoto, ndipo mupale bowo ndi m'mbali momwe kufikira zitasalala, pakuti kacisonga kakang'ono kamadula ulusi. Mangani timizereto molimba pakati pa timatabwa tiwiri pamwamba ndi tiwiri pansi. Cipeso cotere cikhala ndi mabowo 32 ndi mipata 31, ndiko kuti cilandira ulusi 63, ndipo ciomba nsaru ya mainchesi 8 m'lifupi. Ngakhale cimango ca matabwa sicifunika poyamba. Mangani mbali imodzi ya ulusi woyala ku mzati wa pakhonde, mbali inayo ku ndodo yomangirira m'cuuno mwanu. Mukatsamira m'mbuyo ulusi ukungika, mukaweramira kutsogolo ukhwefuka, ndipo nsaru yoombedwa muikulungira pa ndodoyo.

Tsono masamu ace, amene mwana wa sukulu akhoza kukuthandizani. Tinene kuti mufuna mpango wotalika mainchesi 60. Onjezani mainchesi 6, cifukwa nsaru ifupika poomba ndi pocapa. Onjezaninso mainchesi 18, cifukwa ulusi wa kumfundo ndi wa kuseri kwa cipeso sutheka kuombedwa. Zonse pamodzi ndi mainchesi 84, ndiwo mapazi 7. Khomani zikhomo ziwiri motalikirana mapazi 7, ndi kuyala ulusi 63 pakati pace. Ulusi wonsewo ukwana mayadi 147. Wopingasa ufunika wonga womwewo kapena wocepera pang'ono. Iye amene ayamba osawerengera adzaona ulusi utamthera nsaru iri pakati, ndipo wa mtundu womwewo sadzaupezanso kusitolo.

Ulusi wosokera malaya uli woonda kwambiri, suyenera cipeso ici. Kuti mudziwe woyenera, kulungani ulusi pa rula mosapanikiza. Ukazungulira maulendo 16 pa inchi imodzi, ndiwo umenewo. Tikulangizani kuti pa nsaru zoyamba ulusi woyala mugule, cifukwa umakokedwa ndi kukhudzana ndi cipeso kosalekeza, ndipo wopota munthu wophunzira kumene umaduka. Wopingasa ndiwo mupote nokha. Makilogalamu 3 a thonje la njere apatsa pafupifupi kilogalamu 1 ya thonje loyera, ndipo imeneyi ikwanira mipango ingapo. Njere zicotsedwa pogubuduza kacitsulo kozungulira pa thabwa losalala. Thonje limasulidwa ndi cingwe ca kauta. Kenaka lipotedwa pa njinga ya kamtengo. Ulusi ukatuluka woonda, phatikizani uwiri kapena utatu ndi kuupotanso cobwerera. Mukadzafika poyala ulusi wanu womwe, muyambe mwauviika m'phala lamadzimadzi la ufa wa cinangwa ndi kuuyanika, kuti ulimbe.

Tisakunamizeni kuti nsaru yoyamba idzakhala yokongola. Ife pamene tinali kuphunzira za uphunzitsi tinauzidwa kuti mphunzitsi asaphunzitse cimene manja ace sanacite, cotero tisanalembe nkhani ino tinasema cipeso ndi kukhala pakhonde masiku 4. Mpango wathu unayamba ndi mainchesi 8, unatha ndi 5, wosongoka ngati mcira wa ng'ona, ndipo amai a kunyumba anauyesa cogwirira mphika wamoto. Colakwa cinali cakuti tinkakoka ulusi wopingasa molimba, poyesa kuti ndiko kulimbitsa nsaru. Ulusi wopingasa uyenera kugonekedwa mopendeka m'njira muja usanakankhidwe, cifukwa uyenda cokwera ndi cotsika pakati pa unzace, ndipo ufuna utali woposa m'lifupi mwa nsaru. Zolakwa zina ziwiri ndi izi: kumanga ulusi woyala wina wokungika wina wolenda, kumene kubala nsaru ya mafunde, ndi kukankha ndi mphamvu ngati munthu wosinja, kumene kubala nsaru youma ngati cikumba. Mpango wacitatu ndiwo tinaturuka nao pabwalo osacita manyazi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tidziwa kuti alipo otsutsa, ndipo mau ao tiyenera kuwayankha. Oyamba ati: "Kaunjika ndi wochipa, nanga tibvutikirenji?" Anena zoona. Munthu woomba pamanja sangapikisane ndi makina a fakitale kapena ndi mabelo a kaunjika, ndipo iye amene ayembekeza kubveka banja lace lonse ndi cipeso ca nsungwi adzakhumudwa. Sitinena za malaya ndi zitenje. Tinena za malamba, mipango, zikwama za mabuku, nsaru za patebulo, zinthu zimene munthu amagula cifukwa ca kukongola ndi kulimba kwace, ndi cifukwa palibe cina cofanana naco pamsika. Ndiponso mtengo wa thonje pamsika sauika mlimi. Caka cina ukwera, caka cina ugwa. Mtengo wa cikwama cimene mwaomba muuchula ndinu.

Aciwiri, makamaka abambo, ati iyi ndi nchito ya akazi. Awa aiwala mbiri ya kwao. Pakati pa Amang'anja kuomba macila inali nchito ya amuna, ndipo mwamuna wodziwa kuomba anali wolemekezeka monga wosula makasu. Ife tifuna kuona amuna ndi akazi omwe, anyamata ndi atsikana omwe, ali kuphunzira. Koma bambo amene akhala miyezi itatu pa bawo asanene kuti mwambo ndiwo wamletsa.

Acitatu ati kubwerera ku zakale ndiko kubwerera m'mbuyo. Ife tiyankha kuti mlimi amene wapotapo thonje ndi manja ace amakhala mlimi wabwino koposa. Iye adziwa ndi zala zace cifukwa cace thonje lothimbirira, la zinyalala, kapena lotoledwa ndi mame limakanidwa kapena kugulidwa pa mtengo wotsika: saona mlangizi ngati munthu wongobvuta, pakuti ulusi wa thonje lotere wamdukira yekha m'manja. Zimene ife timalankhula zaka zambiri za kusankha thonje, njinga yopotera imaziphunzitsa tsiku limodzi.

Macenjezo awiri tisawasiye. Loyamba: ngati munatenga mbeu ndi mankhwala pa ngongole, bwezani ngongoleyo yonse ndi thonje lanu monga munapangana, la kuomba likhale locokera pa zotsala zanu, mtanga umodzi wokha. Kuomba kusakhale copusitsira amene anakukongozani. Laciwiri: musasunge thonje la njere m'nyumba kufikira mvula. Pali mbozi ina ya thonje imene imabisala m'kati mwa njere ndi kudikira mbeu ya caka camawa, ndipo kuzula ndi kutentha kuja cifukwa cace ncakuti mbozi zisowe pokhala. Cotsani njere msanga ndi kuzitentha, musunge thonje loyera lokha m'thumba louma. Kukakhala kupusa kutentha munda wonse ndi kusungira mdani m'nkhokwe.

Cotero pempho lathu ndi ili. M'kalabu iri yonse ya alimi a thonje musankhe anthu awiri kapena atatu oleza mtima, aseme cipeso cimodzi caka cino, ayambe ndi lamba wa mainchesi 2 asanayese mpango. Aphunzitsi a m'midzi ya thonje aonetse ana cipeso cimeneci, pakuti muli masamu, muli mbiri, muli nchito ya manja. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene ikumbukira mmene agogo ace ankapotera thonje, pitani mukakhale nayo pansi lero lomwe, musanamve kuti yatisiya. Mukabvutika poyala ulusi kapena powerengera, funsani mlangizi wa kwanu. Ndipo ngati iyenso sadziwa, muuzeni akhale nanu pakhonde, muphunzire pamodzi. Tiyembekeza kuti pa msonkhano wa caka camawa, tikadzafunsanso funso lathu lija, padzapezeka dzanja limodzi lokwezedwa, litagwira lamba wa thonje la m'munda mwace.