Maofesi Omvana: Phunziro la ku Estonia

Munthu wofuna chithandizo ku bungwe lalikulu amatopa kwambiri ndi kufunsidwa chinthu chimodzi kangapo. Pa khomo loyamba amatchula dzina, tsiku lobadwa ndi kumene amakhala. Pa khomo lachiŵiri amatchulanso zomwezo. Pofika pa lachitatu amapeza kuti kalaliki wina analemba dzina lake molakwa, kotero kuti m'mabuku a bungwe limodzi lomwelo muli anthu aŵiri m'malo mwa mmodzi. Ambiri amaganiza kuti mankhwala a vutoli ndi kugula makompyuta. Koma zimene zachitika m'dziko la Estonia zikusonyeza kuti gwero la vutoli lili m'kamangidwe ka bungwelo.

Ntchito yolinganiza kamangidwe kameneka akatswiri amaitcha enterprise architecture pa Chingerezi, ndipo mmodzi mwa amene anaiyala poyera ndi John Zachman wa kampani ya IBM m'chaka cha 1987. Monga mmisiri amajambula pulani asanakumbe maziko, chomwechonso bungwe liyenera kuyamba ladziŵa ntchito zake zonse, uthenga umene ntchito iliyonse imafuna, ndi ofesi imene iyenera kusunga uthengawo. Pa maziko ameneŵa pamakhala njira ina yoti ofesi iliyonse isunge mabuku ake okha, koma itsegule zenera loyankhirapo mafunso a maofesi anzake motsata malamulo ogwirizana. Wofunsa safunikira kudziŵa mmene mabukuwo anasanjidwira mkatimo; chimene amafuna ndi yankho loona.

Estonia ndi dziko la kumpoto kwa Ulaya la anthu okwana ngati 1.3 miliyoni, lomwe linapezanso ufulu wake kuchokera ku Soviet Union mu 1991. M'malo momanga nkhokwe imodzi yaikulu yosungiramo mbiri ya nzika zonse, boma linakhazikitsa mu 2001 njira yolumikizira maofesi yotchedwa X-Road. Ofesi ya kalembera wa anthu imasunga maina ndi malo okhala, ya msonkho imasunga za msonkho, za umoyo zimakhala kwa a zaumoyo. Ofesi ina ikafuna kudziŵa kanthu imafunsa kwa mwini mabuku, ndipo funso lililonse limatumizidwa mobisika, limasainidwa, ndi kulembedwa nthaŵi yake. Lamulo la dzikolo limaletsa kutsegula kaundula wachiŵiri wa zinthu zimene zikusungidwa kale kwina. Motero nzika imauza boma chinthu kamodzi kokha, ndipo m'makaundula ambiri ikhoza kuona amene anasuzumira m'mbiri yake.

Zipatso zake zinaoneka pang'onopang'ono. Chiphaso cha unzika chokhala ndi kachipangizo ka kompyuta chinayamba mu 2002. Kuyambira 2010 dokotala amalemba mankhwala pa kompyuta, ndipo wodwala amangoonetsa chiphaso chake ku sitolo ya mankhwala iliyonse. Mu 2018 njira ya Estonia inalumikizidwa ndi ya dziko loyandikana nalo la Finland, kuti maofesi a mayiko aŵiriŵa azitha kufunsana.

Komabe walira mvula walira matope. Mu 2007 adani a pa intaneti anasokoneza kwa milungu ingapo masamba a boma, mabanki ndi nyuzipepala za ku Estonia. Mu 2017 kunapezeka cholakwika m'tizipangizo ta ziphaso zoposa 700,000, ndipo boma linakakamizika kuimitsa makiyi a ziphasozo kufikira atakonzedwa. Apa pali mfundo yofunika kuisinkhasinkha. Kumwaza mabuku m'maofesi osiyanasiyana kumateteza dziko, pakuti mbala ikathyola khomo limodzi siipeza chuma chonse. Koma kiyi yotsegulira makomo onsewo ikakhala imodzi, kuwonongeka kwake kumagwedeza mtundu wonse nthaŵi imodzi.

Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi ndi mtima wa anthu. Mkulu wa ofesi amene amaona mabuku ake ngati munda wa makolo ake sangalole mnzake kufunsamo, ndiponso sangakhulupirire yankho lochokera kwa mnzakeyo. Amatsegula kaundula wakewake, ndipo chisokonezo chimabwerera. Nchifukwa chake Estonia inamanga njira yake pa lamulo ndi pangano. Makina amene agulidwa pangano lisanapangidwe amangofulumizitsa kulakwa kumene kunalipo kale.

Aphunzitsi akhoza kuliona phunziroli pa sukulu pomwe. Dzina la mwana likalembedwa padera m'kaundula wa kalasi, m'buku la fizi ndi pa mndandanda wa mayeso, tsiku lina maina atatuwo adzasiyana, ndipo wovutika ndi mwanayo pamene setifiketi yake ituluka ndi dzina lachilendo. Ku Malaŵi, kumene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa chiphaso cha unzika mu 2017, kiyi ilipo kale. Phindu lake lidalira kugwirizana kwa maofesi pa funso lakuti buku lililonse mwini wake ndani. Achinyamata omaliza sukulu azindikire kuti ntchito imeneyi imafuna anthu odziŵa makompyuta, komanso anthu otha kumvetsa kayendedwe ka bungwe ndi kulemba pangano lomveka bwino.

Gawo lotsatira lidzaunika mmene makampani a malonda agwiritsira ntchito njira yomweyi.