MPIKISANO WA NJINGA WA KU FRANCE: WOFUNA KUGWETSA POGAČAR ASAOPE KUTAYA

Pa 4 July 2026 akatswiri opalasa njinga ocokera m'maiko osiyana-siyana adzanyamuka mu mzinda wa Barcelona ku Spain kuyamba mpikisano wochedwa Tour de France, ndipo awo amene adzapirire adzafika ku Paris pa 26 July. Mpikisanowu unayamba mu 1903, ndipo pa mipikisano yonse ya njinga palibe wouposa. Ife a kumidzi, amene njinga ndiyo itifikitsa kucigayo, kumsika ndi kucipatala, tingathe kuimva bwino nkhani imeneyi, pakuti miyendo yathu idziwa kuwawa kwa citunda ndi kwa mphepo yokomana nayo kumaso.

Ulendo wonse ndi makilomita 3,333, ndiko kunena mtunda wa pakati pa Lusaka ndi Chipata pafupi-fupi kasanu ndi kamodzi. Ulendowu wagawidwa m'zigawo 21, cigawo cimodzi pa tsiku, ndipo masiku opumula ndi awiri okha. Nthawi ya munthu aliyense amaiwonkhetsa tsiku ndi tsiku. Amene nthawi yace iri yocepa koposa onse ndiye avala malaya acikasu, ndipo wofika nao malayawo ku Paris ndiye mwini cikho.

Okonza mpikisanowu, motsogozedwa ndi Christian Prudhomme, analengeza njira yace mu October 2025. Woiyang'ana bwino aona msanga kuti colinga cao ndi cakuti wopambana asadziwike kufikira kumapeto. Tsiku loyamba magulu adzapikisana ndi nthawi m'miseu ya Barcelona. Pa cigawo ca 6 adzakwera phiri la Tourmalet m'mapiri a Pyrenees, kenaka adzapyola mapiri ena ocepako a Massif Central, Vosges ndi Jura. Tsiku limene munthu apalasa yekha-yekha popanda womthandiza ndi limodzi lokha, pa cigawo ca 16, makilomita 26 kucokera ku Évian kufika ku Thonon. Koma zowawa zeni-zeni azisungira mapiri a Alps. Pa 24 ndi 25 July, masiku awiri otsatizana, mpikisano udzathera pamwamba pa Alpe d'Huez. Tsiku loyamba adzakwera ndi mseu wace wochuka wa makona 21 ndi makilomita pafupi-fupi 14. Tsiku laciwiri adzayamba akwera Croix de Fer, Télégraphe ndi Galibier, phiri lotalika mamita 2,642, nadzafika pa Alpe d'Huez podzera njira ya kumbuyo ya Sarenne. M'mawa mwace ndi Paris.

Amene aliyense amuyembekezera kupambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia, wa gulu la UAE Team Emirates. Iye anatenga cikhoci mu 2020, 2021, 2024 ndi 2025. Akacitenganso kacisanu adzalingana ndi amuna anai okha: Jacques Anquetil, Eddy Merckx, Bernard Hinault ndi Miguel Indurain. Mu September 2025, pamene mpikisano wa akatswiri a dziko lonse unacitika koyamba mu Africa, ku Kigali m'dziko la Rwanda, ndiyenso anapambana pa liwiro lalikulu la pa mseu. Akwera mapiri, apalasa bwino yekha, ndipo ngakhale pa tizitunda tatifupi sasiyidwa.

Womtsatira ndi Jonas Vingegaard wa ku Denmark, wa gulu la Visma, amene paunyamata wace anagwirapo nchito m'fakitale ya nsomba. Uyu ndiye anamgonjetsa Pogačar kawiri, mu 2022 ndi 2023. Mu 2024 anafika waciwiri patangopita miyezi itatu cicitireni ngozi yoopsa imene inamthyola nthiti ndi kumvulaza phapo, ndipo mu 2025 anakhalanso waciwiri, wotsalira ndi mphindi 4 ndi masekondi 24, asanakapambane mpikisano waukulu wa ku Spain caka comweco. Kulinso Remco Evenepoel wa ku Belgium, amene anali wacitatu mu 2024, katswiri wopalasa yekha: ku Kigali anampeza ndi kumpitirira Pogačar amene ananyamuka mphindi ziwiri ndi theka patsogolo pace. Kuyambira 2026 Evenepoel ali m'gulu limodzi la Red Bull ndi Florian Lipowitz wa ku Germany, amene anali wacitatu mu 2025.

Tsono funso ndi ili: kodi munthu wotere agonjetsedwa bwanji? Yankho liri m'mene mpikisanowu ucitikira. Gulu lirilonse liri ndi anthu asanu ndi atatu, koma mtsogoleri ndi mmodzi. Enawo nchito yao ndiyo kumchinjiriza ku mphepo, kumtengera madzi ndi cakudya, ndi kumpatsa njinga yao yace ikaonongeka. Aliyense amene anapalasapo kumbuyo kwa mnzace tsiku la mphepo adziwa kuti wa kutsogolo ndiye atopa msanga. Motero katswiri amene anzace onse atsalira, ndipo adani awiri kapena atatu akumsinthana kuthawa, ayenera kuthamangitsa aliyense ndi miyendo yace, kufikira mphamvu zimthere. Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe.

Izi zinaoneka pa 13 July 2022. Vingegaard ndi mnzace Primož Roglič anayamba kumsinthana Pogačar pa mapiri omwewa a Télégraphe ndi Galibier, mtunda ukali wautali kuti afike. Pogačar anayankha kuthawa kulikonse, koma pa phiri lotsiriza la Granon miyendo inamkana, nataya mphindi pafupi-fupi zitatu pamodzi ndi malaya acikasu. Roglič anadzipha nayo nchito tsiku limenelo natsalira kutali, koma gulu lace linatenga cikho.

Ena adzati njira imeneyo inatha mphamvu, pakuti mu 2025 gulu la Visma linayesa kawiri-kawiri koma Pogačar anawasiya ndi mphindi zoposa ziwiri pa phiri la Hautacam, napitiriza kulamulira ngakhale kuti mthandizi wace wamkulu, João Almeida, anali atacoka mu mpikisano cifukwa ca kuvulala. Zimenezo nzoona, ndipo cifukwa cace ife tiganiza kuti gulu limodzi silingakwanenso. Koma mu 2026 magulu amphamvu otsutsana naye ndi awiri, ndipo limodzi la iwo liri ndi atsogoleri awiri. Cimene cingasowe ndi kulimba mtima. M'mipikisano yotere kawiri-kawiri waciwiri ayang'anira wacitatu, wacitatu ayang'anira wacinai, aliyense kusunga kamalo kace, uku wa malaya acikasu akupita mwamtendere. Wofuna kugwetsa Pogačar ayenera kuvomera kuti mwina adzataya ngakhale malo aciwiri, monga mlimi abzala mbeu yace yonse ndi mvula yoyamba osadziwa ngati idzapitirira.

Ndiponso asayembekeze tsiku la 25 July lokha. Akafika pa Galibier atatsalira kale ndi mphindi zinai, mapiri amenewo adzangokhala malo oombera m'manja wopambana. Ayenera kumtopetsa kuyambira ku Pyrenees, ndi kusampatsa mpumulo m'mapiri ocepa a pakati paja, kuti sabata lacitatu limpeze ali wolema. Kuthamanga sikufika, ndipo mbiri ya mpikisanowu icitira umboni: mu 1989 Laurent Fignon anadzuka tsiku lotsiriza ali wotsogola, koma Greg LeMond anamlanda cikho ndi masekondi 8 okha.

Ife a mu Africa tiri ndi cathu coyang'anira. Mu 2013 Daryl Impey wa ku South Africa anavalako malaya acikasu, ndipo mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo zitatu natenga malaya obiriwira a katswiri wa liwiro. Zimenezi zionetsa kuti mwana wa kuno, akapatsidwa njinga yabwino, mseu wabwino ndi mphunzitsi, angathe kuima pakati pa akatswiri.

Kunena za cikho ceni-ceni, maganizo athu ndi akuti Pogačar adzapambana kacisanu, ndipo Vingegaard ndiye adzamvutitsa koposa. Koma akadzapambana, cikhale cifukwa cakuti anzace anayesa zonse nalephera. Akadzangomperekeza ku Paris monga operekeza mkwati, anthu amene aima tsiku lonse m'mbali mwa mseu pa Alpe d'Huez adzakhala atadikira pacabe.