Mwini Mlandu wa Cimbalangondo

Ku America kuli nyama yaikulu yochedwa cimbalangondo. Ciri ndi ubweya wambiri, zikhadabo zazitali, ndi mphuno yakumva fungo kuposa ya galu. Cimadya zipatso, mizu, nsomba, nyerere ndi nyama. Nyengo ya cisanu cimalowa m'phanga kapena m'dzenje, nicigona miyezi ingapo osadya kanthu. Cifukwa cake cisanu cisanafike cimadya usana ndi usiku kuti cinenepe, ndipo cimalondola fungo la cakudya kuli konse kumene licokera.

Zimbalangondo zambiri zikhala m'nkhalango zimene boma linapatula kuti nyama zisungikemo, monga momwe ziliri Luangwa ndi Kafue m'Zambia. Nkhalango yakale koposa ndiyo Yellowstone, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1872. Alendo osawerengeka amadza kudzaona nyama, namanga mahema pa misasa, naphika, nagona pomwepo. Tsono pofuka utsi pamakhala cakudya, ndipo cimbalangondo sicicedwa kuzindikira zimenezo.

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana a ku sukulu zapamwamba amapita ku nkhalangozi kukaphunzira nchito ya kusunga nyama. Ambiri amafika alikuyesa kuti adzalimbana ndi zirombo. Koma nchito imene aipeza ndiyo kuyenda hema ndi hema madzulo, kuona ngati cakudya catsekeredwa m'mabokosi acitsulo, kutola zinyalala, ndi kukumbutsa alendo mwaulemu kuti, "Pepani bambo, musasiye mphika uwu pabwalo. Ngakhale sopo ndi mankhwala otsukira mano muziike m'bokosi, pakuti nazonso zimanunkhira." Ena amainyoza nchitoyi nati nja ana. Iwowo alakwa. Imeneyi ndiyo nchito yopulumutsa anthu ndi nyama pamodzi, cifukwa cimbalangondo cosautsa pa msasa sicibadwa cotero iai. Anthu ndiwo amaciphunzitsa.

Mbiri ya Yellowstone icitira umboni mau amenewa. Kale zakudya zotsala m'mahotela zinali kutayidwa kudzala, ndipo madzulo zimbalangondo zinali kusonkhana kumeneko. Akulu a nkhalangoyo anaikako mipando kuti alendo azikhala ndi kupenyerera. Alendo ena anali kuimika magalimoto pa mseu ndi kupatsa nyamazo buledi ndi manja ao. Zonsezi zinaoneka zokondweretsa, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira 1931 kufikira 1969, anthu ovulazidwa ndi zimbalangondo anali ngati 48 caka ciri conse. Mu August 1967, m'nkhalango ina yochedwa Glacier, atsikana awiri anaphedwa usiku umodzi m'malo osiyana, ndipo zinawapha ndi zimbalangondo zozolowera kudya zotaya anthu. Pamenepo anthu anagalamuka. Mu 1970 akulu a Yellowstone anatseka madzala otsala, naletsa kolimba kudyetsa nyama, naika zotayiramo zinyalala zimene cimbalangondo sicikhoza kutsegula. Masiku ano ovulazidwa ali ngati munthu mmodzi pa caka, cinkana alendo acuruka koposa kale.

Kukonza colakwaco kunali kowawa. Munthu ndi mbale wake, John ndi Frank Craighead, amene anasanthula makhalidwe a zimbalangondo za ku Yellowstone kuyambira 1959, anacenjeza kuti madzala atsekedwe pang'ono pang'ono. Uphungu wao sunatsatidwe. Nyama zozolowera kudzala zinalowa m'misasa ndi njala, ndipo zambiri zinaomberedwa. Mu 1975 boma linalemba mtundu waukulu wochedwa grizzly pakati pa nyama zimene zingathe kutha zikapanda kutetezedwa. Anthu anaseka ndi kujambula zithunzi zaka zambiri, koma imene inalipa mlandu ndi moyo wake ndiyo nyama.

Wina angafunse kuti, "Nanga bwanji osacigwira cimbalangondo cosautsaco ndi kukacitaya kutali?" Osunga nyama amatero ndithu. Amachera msampha wacitsulo wonga mgolo waukulu, nacigoneka ndi mankhwala, naciika cizindikiro pa khutu, nacinyamula pa galimoto. Koma kawirikawiri cimabwerera komwe cinacokera, ngakhale patali mitunda yambiri. Cikapanda kubwerera, cimakasautsa msasa wina. Amayesanso kucipitikitsa ndi mapokoso ndi zipolopolo zampira zosapha, kuti ciyambenso kuopa munthu. Njirayi imathandiza cikadali catsopano pa kuba. Koma cikalawa cakudya ca anthu kawiri katatu, kuwawa kwa mphindi imodzi sikuciletsanso.

Wina angati, "Tsono ciomberedwe, nkhani ithe." Nthawi zina palibe kucitira mwina, pakuti moyo wa munthu uposa wa nyama, ndipo cimbalangondo coyamba kung'amba mahema a anthu ogona sicingalekereredwe. Koma mfuti sicotsa cimene cinaitana nyamayo. Mphika ukatsalabe pabwalo, mawa kudzabwera cina. Ndiponso ana a cimbalangondo amatsata mai wao kuposa caka cathunthu, naphunzira zonse zimene acita. Mai akadya pa msasa, ana naonso adzakula ali akuba. M'mera mpoyamba.

Nkhalango ya Yosemite ku California inaonetsa njira yeniyeni. Kumeneko zimbalangondo zinaphunzira kuswa magalasi a magalimoto ndi kupinda zitseko kuti zitenge cakudya cosiyidwa m'kati. M'caka ca 1998 cokha milandu yotere inaposa 1,500. Akulu a nkhalangoyo anacurukitsa mabokosi acitsulo, naika antchito oyenda usiku m'misasa, nalipitsa ali yense wosiya cakudya poyera. M'zaka zapafupi milanduyo sifika 100 pa caka. Zimbalangondo ziripobe, ndipo njala yao njomweyo. Amene anasintha ndiwo anthu.

Kotero wophunzira nchito amene acezera usiku ndi nyali m'manja, namayesa zitseko za mabokosi cimodzi cimodzi, sayenera kucita manyazi. Iye acita zazikulu kuposa wonyamula mfuti, pakuti aletsa mlandu usanabadwe. Nayenso mlendo asakwiye pomkumbutsa, pena pomuuza kuti aime patali mayadi 100 kucokera pamene pali cimbalangondo, monga liri lamulo la ku Yellowstone. Lamulolo lisunga iye mwini, ndi ana ake, ndi mlendo wina amene adzagona pomwepo mawa.

M'Zambia mulibe zimbalangondo, koma cikhalidwe ca nyama ncimodzimodzi. Pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, anyani amatsomphola zakudya m'manja mwa alendo, cifukwa anazolowera kupeza cakudya kwa anthu. Mwana wa sukulu amene aponyera nyani cipatso amayesa kuti wamcitira cifundo. Akumbukire kuti nyama yakuthengo iri nao munda wake, ndipo woidyetsa ndi dzanja ndiye woyamba kuikumbira manda.

Mafunso

1. Kodi cimbalangondo cimadyeranji kwambiri cisanu cisanafike?
2. Chulani zinthu zitatu zimene akulu a Yellowstone anacita mu 1970.
3. Cifukwa ninji kutaya cimbalangondo kutali sikuthetsa bvuto?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "M'mera mpoyamba."