Tabuleti ya mwana ikafa, kholo likadandaule kwa yani?

M'sukulu zambiri za kumudzi tabuleti yafika desiki isanafike. Kuyambira mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukugawa timakina timeneti m'sukulu za pulayimale za boma kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Idayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'kufikira sukulu zonse za boma, zomwe zili pafupifupi 6,000, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pokhudza galasi ndi chala. Ganizoli lidayesedwa kale pasukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, pomwe ofufuza a University of Nottingham adapeza kuti ana amene ankagwiritsa ntchito matabuleti adaposa anzawo pa masamu.

Kholo la ku Senga Bay, Chipoka kapena Lifuwu m'boma la Salima liyenera kudziwa kuti matabuleti a kusukulu alipo a mitundu iwiri, ndipo aliwonse ali ndi malamulo ake.

Ya boma ija ndi katundu wa sukulu. Imagona m'bokosi lokiya, imatchajidwa ndi magetsi a sola, ana amalandirana, ndipo sipita kunyumba. Palibe kholo limene limaigula. Choncho wina akabwera ndi nkhani ya "ndalama ya tabuleti", ayenera kuonetsa pamene zalembedwa, chifukwa maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuchokera mu 1994. Makolo akhoza kugwirizana pamsonkhano kuti azisonkha ya mlonda kuti akuba asazule sola padenga, koma limenelo ndi pangano la mudzi, lolembedwa m'buku la komiti. Si mtengo wa makina, ndipo mwana sayenera kubwezedwa pakhomo la kalasi chifukwa cha ndalama imeneyo.

Nkhani imavuta pa tabuleti yachiwiri, yogula kholo ndi ndalama zake koma kudzera kusukulu. Sukulu zoima pazokha zidazolowera kale kugulitsa yunifolomu, makope ndi zovala zamasewero pa ofesi pomwepo. Tabuleti ikafuna kulowa, imadzera khomo lomwelo: kalata imabwera ndi mwana, yonena mtundu wa makina, mtengo wake ndi tsiku lomaliza kulipira.

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa padoko la Nguwo. Watapa ndalama ku banki mkhonde, watumiza pa Mpamba, mwana wabwera ndi tabuleti m'chikwama. Patha miyezi iwiri, makina aja akukana kulowa moto. Mayiyo akupita kwa ahedi, ndipo iwo akumuuza mwaulemu kuti sukulu idangothandiza kuitanitsa, apite kwa amene adagulitsa. Wogulitsayo ali ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo pafoni akuyankha kuti iye adachita malonda ndi sukulu, mayiyo sakumudziwa. M'manja mwa mayi muli uthenga wa Mpamba wokha basi, wopanda dzina la katundu, wopanda nambala ya makina.

Chamusowetsa pogwira mayiyu si kuchepa kwa malamulo. Dziko lino lili ndi lamulo lakale la kugulitsana katundu, Sale of Goods Act, limene limati wamalonda azigulitsa katundu wabwinobwino, woyenera ntchito imene wogula adanena. Lilinso ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1998. Onsewa amayambira pa funso limodzi: adagulitsa ndani? Ngati sukulu idalandira ndalama m'dzina lake n'kupereka katundu, sukuluyo ndiyo wogulitsa, ngakhale ntchito yake ya masiku onse ikhale yophunzitsa. Ngati idangokhala mkhalapakati, lisiti liyenera kutchula kampani yeniyeni, kumene ili ndi nambala yake ya foni. Chosaloleka n'chakuti onse awiri asambe m'manja.

Mawu aja amapachikidwa m'masitolo, akuti katundu akagulidwa sabwezedwa, sapulumutsa wogulitsa chinthu chowonongeka. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana udindo pa katundu wolakwika n'kuphwanya lamulo. Kulemba mawu omwewo pansi pa kalata ya sukulu sikuwapatsa mphamvu ina.

Palinso nkhani ya kukakamiza. Sukulu ili ndi ufulu wonena kuti makina akhale a mphamvu yakutiyakuti kuti maphunziro ake azitsekuka bwino. Kunena kuti agulidwe pa ofesi yake yokha, pamtengo wake wokha, n'kumangirira malonda awiri pamodzi: ukafuna malo a mwana, ugulenso katundu wathu. Ku South Africa bungwe la Competition Commission lidalimbana ndi mchitidwe womwewu pa yunifolomu, mpaka sukulu zambiri zidavomera kusiya mapangano opatsa sitolo imodzi msika wonse. Kumenekonso lamulo la ogula la 2008 limapereka miyezi 6 yoti munthu abweze katundu wolakwika, n'kusankha yekha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Achibale amene ali ku Joni amalidziwa bwino lamuloli, ndipo ndi muyezo wabwino woyambira pokambirana ndi wogulitsa kuno.

Kunyanja kuno makina amakumana ndi zimene sakumana nazo mu ofesi ya mumzinda. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limatenthetsa nyumba ya malata mpaka batire kutupa. Mchenga umalowa pobayira chaja. Chinyontho chimadya timawaya ta mkati mwakachetechete. Boma la Salima lili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, amene adayamba kugwira ntchito mu 2021, koma mabanja ambiri amatchajabe mafoni pa okala ya munthu, pomwe chaja chimodzi chimabayidwa m'makina khumi. Msodzi sagula injini ya boti asanailize ndi kufunsa kumene zipangizo zake zimapezeka; tabuleti nayo imafuna mafunso otero. Waranti yake ndi ya miyezi ingati? Ikukhudza batire ndi chaja? Galasi likasweka, poti mawaranti ambiri sakhudza kusweka ndi kunyowa, lina limapezeka kuti, pamtengo wanji? Makina akapita kokonzedwa, wa thiransipoti ndani, ndipo mwana aziphunzirira chiyani podikira? Amene akugulitsa tabuleti yoti igwidwe ndi mwana wa zaka 7 akudziwiratu kuti idzagwa, ndipo chikuto cholimba chiyenera kukhala pamtengo womwewo.

Chimene makolo ambiri amachiiwala ndi zimene zili mkati. Tabuleti ya sukulu imagulidwa chifukwa cha maphunziro ake, ndipo maphunzirowo akakhala osakwanira, katunduyo ndi wosakwanira. Mzinda wa Los Angeles ku America udaziona zimenezi. Mu 2013 akuluakulu a sukulu za boma kumeneko adayamba ndondomeko ya ndalama zoposa madola 1 biliyoni yopatsa ophunzira ma iPad okhala ndi maphunziro a kampani ya Pearson. Aphunzitsi adadandaula kuti maphunzirowo anali osamaliza ndiponso ovuta kutsekula, ndondomeko idagwa, ndipo mu 2015 kampani ya Apple idavomera kubweza madola 4.2 miliyoni. Kuti ndalamazo zibwerere, padali pangano lolembedwa loti aloze.

Kholo lifunsenso ngati maphunzirowo amalipiridwa kamodzi kapena chaka ndi chaka, ngati amatsekuka popanda bandulo ya intaneti, komanso ngati sukulu idaikamo loko. Sukulu zambiri zimatseka makina kuti ana asamaonere mafilimu m'kalasi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Koma mwana akasamuka kapena akamaliza Sitandade 8, loko ameneyo achotsedwe, popeza makinawo ndi a banja limene lidalipira. Dzina la mwana, chithunzi chake ndi malikisi ake zimene makinawo amasunga zili pansi pa lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa kumene zikupita.

Olipira pang'onopang'ono asamale ndi mtengo. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amalonda oitanitsa katundu kunja sadaiwale. Mtengo wonse ulembedwe m'makwacha pa tsiku loyamba, pamodzi ndi chiwerengero cha magawo olipira, ndi chimene chidzachitike kholo likalephera mwezi umodzi. Mabanja a asodzi amadziwa kuti mwera ukawomba kapena nyanja ikatsekedwa ndalama imasowa m'nyumba, ndipo masiku olipira akhoza kukambidwa moganizira nyengo zimenezo.

Chotsekereza chachikulu ndi mantha. Kwa wamalonda wa pa Kamuzu Road ku Salima munthu amakweza mawu, koma kwa aphunzitsi amavula chipewa, poopa kuti dandaulo lake lingagwere pamutu pa mwana. N'chifukwa chake nkhani zoterezi zimayenda bwino zikadutsa ku bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA. Makolo khumi amene makina awo afa ndi matenda amodzi akalemba kalata imodzi, yokhala ndi manambala a makinawo ndi masiku ogulira, palibe mwana amene angalozedwe chala, ndipo ahedi nawo amapeza chowalimbitsa pokakumana ndi kampani.

Kalatayo ipite koyamba kwa wogulitsa, makolo asungeko ina, ndipo itchule chimene akufuna komanso tsiku limene akuyembekezera yankho. Yankho likapanda kubwera, dandaulo lipite ku CFTC ku Lilongwe, imene lamulo la 2024 lidaipatsa mphamvu yolipitsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe zake. Bungwe loimira ogula la CAMA limalandiranso madandaulo, ndipo khothi la majisitireti pa boma la Salima limamva milandu ya ndalama. Konseko chinthu choyamba chimene adzapemphe ndi lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, tsiku, mtengo ndi nambala ya makina, ndipo nthawi yolipempha ndi pa tsiku lolipira gawo loyamba.