Njinga Yoyenda Paphula ndi Pafumbi Pomwe

Amayi anzanga, ulendo wa ambiri a ife uyambira pa kanjira ka kumudzi, nulowa mu msewu wa fumbi, nukathera pa phula la kuboma. Njinga imene tikwera iyenera kupirira njira zitatu zonsezi tsiku limodzi. Sabata ino ndifuna tikambirane za njinga imene eni ake aitcha gravel, ndiko kunena njinga ya m'misewu ya timiyala, kuti tsiku limene mudzaiona pamsika mudzadziwe chimene muli kuyang'ana.

Njinga imeneyi inatchuka ku America, m'madera a alimi kumene misewu yambiri ilibe phula. M'chaka cha 2006 anthu 34 anachita mpikisano wa makilomita oposa 320 ku Emporia, m'chigawo cha Kansas. Lero mpikisanowo utchedwa Unbound Gravel, ndipo opalasa ake afika zikwi. Musayese kuti ndi zinthu za abambo okha. Pa mpikisano woyamba wa dziko lonse, umene unachitika ku Italy mu 2022, mayi wa ku France, Pauline Ferrand-Prévot, ndiye anapambana pakati pa akazi.

Nanga chinsinsi chake n'chiyani? Choyamba ndi matayala. Njinga ya liwiro ya paphula ili ndi matayala owonda, a mamilimita 25 kapena 28, amene atitimira mumchenga. A njinga iyi ndi otakata, mamilimita 35 kufikira 50, ndipo timano take ndi tating'ono. Motero agwira bwino pafumbi, koma salemetsa miyendo paphula. Chachiwiri ndi magiya, amene alola munthu kukwera chitunda osatsika. Chachitatu ndi mabuleki, amene agwira kambale kachitsulo ka pakati pa gudumu. Matope a dzinja akamata m'mphepete mwa gudumu, njinga iimabe. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 10, kotero kuti mayi atha kuinyamula powoloka mtsinje.

Koma akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga imeneyi anaipangira munthu ndi kathumba kake, osati thumba la chimanga. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo zipangizo zake zikathyoka, wokonza njinga wa pamsika wathu sangazipeze msanga. Zigwiriro zake ndi zopindikira pansi, choncho wokwera ayenda chowerama, ndipo chitsulo cha pakati chivutitsa mayi wovala chitenje. Tcheni chake chilinso pambalambanda, chosachedwa kukola nsalu.

Tsono inu a m'magulu, musanatulutse ndalama za banki m'khonde, yambani mwafunsana kuti njingayo idzagwira ntchito yanji. Ngati ndi ya mlangizi wa zaumoyo kapena mlembi wa gulu, woyendera midzi yotalikirana ndi mabuku okha, njinga yopepuka yotere idzamfikitsa msanga. Ngati ndi yopita nayo kuchigayo, yotengera tomato kumsika kapena wodwala kuchipatala, funani yolimba, ya keliyala wamphamvu. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imene igulitsidwa m'Malawi ndi m'Zambia, ili ndi keliyala wosenza makilogalamu 100. Ndi yolemera, siithamanga, koma katundu wanu adzafika.

Ngakhale inu amene simudzagula njinga ina, pali nzeru zoti mutolepo. Pogula tayala, sankhani lotakata monga mmene njinga yanu ingalolere. Ulendo ukakhala wa paphula, popani tayala lilimbe. Ukakhala wa mumchenga ndipo mulibe katundu wolemera, phwetsani mpweya pang'ono kuti tayala ligwire nthaka, koma musaphwetse kwambiri, chifukwa mwala udzapana chubu nuchiboola. Pamchenga musagwire buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi, mungagwe chamutu. Tcheni muchipukute fumbi musanachithire mafuta, popeza fumbi losakanizika ndi mafuta lidya chitsulo.

Ndalama ya gulu ndi thukuta la amayi ambiri. Wogulitsa akakuuzani kuti njinga yake iyenda ponseponse, mufunseni kuti isenza zingati, ndipo ikathyoka mudzaikonzetsa kuti. Paja safunsa anadya phula. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa.